Mutu 7: Liwu Limene Priska Analiipitsa

1. Nkhuku yabwerera

Azakhali Evelesi anafika thukuta lili kamukamu, n'kuika pansi nkhuku ija miyendo ikadali yomanga ndi luzi.

"Madamu akananso," anatero. "Dzana anabweza mapira. Lero abweza nkhuku. Akuti magazi si malonda."

Mayi ake a Priska anali pamphasa pakhonde, khanda lili pamiyendo. Anaiyang'ana nkhukuyo.

Nkhani yake inali iyi. Masabata atatu m'mbuyomo mayiwa anataya magazi ambiri pobereka, ndipo kuchipatala ananena kuti pakufunika munthu wopereka magazi tsiku lomwelo. Bambo a Priska anali kumunda, tsidya la ku Mozambiki. Azakhali, omwe ndi alongo awo a bambowo, anakanidwa chifukwa cha ukalamba. Priska anakanidwa chifukwa anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha. Pamenepo panadutsa Madamu Otilia Kambalame, mphunzitsi wake wa masamu ku Folomu 2, amene anaperekeza mwana wasukulu wothyoka mkono. Anamuona Priska akulira pakhonde la chipatala, anamufunsa mafunso awiri, n'kulowa kukapereka magazi awo.

Mayi anachira. Khanda nalo, kamnyamata kotchedwa Elisha, linkayamwa ngati lili paganyu.

"Ndiye tingokhala chete ngati anthu osaleredwa?" anafunsa mayi.

"Ayi," anayankha azakhali. "Pepala sangalibweze, pakuti pepala si malipiro. Priska, iwe uli ndi dzanja lojambula. Upange khadi. Mawa ndi Loweruka, tipita ku Bangula kukagula zofunika."

"Ulembepo liwu limodzi lokha," anatero mayi. "Lalikulu, loti aliwerenge ali patali. Takhuta."

Munthu wa kumtunda akamva liwu limeneli amaganiza za mimba. Kuno kuchigwa, pakamwa pa Msena, takhuta ndi kuthokoza, ndipo ndi kuthokoza kolemera. Munthu amakhala akunena kuti zimene wandichitirazi zandikwana, sindikusowanso kanthu.

Priska anasiya mbale imene ankatsuka.

"Mama, bwanji tingolemba kuti zikomo? Madamu ndi a ku Ntchisi."

"Zikomo ndimanena ndikamapempha njira pamsika," anatero mayi. "Amene wandipatsa magazi ake ndimuuza liwu la mayi anga ondibala."

Priska anatola mbale ija n'kuitsukanso, chikhalirecho inali itayera kale.

2. M'sitolo ya a Fanizo

M'mawa mwake Priska anapalasa njinga, azakhali ali pakaliyala, mpaka pamsika wa Bangula. Dzuwa linali lisanakwere koma mchenga unali utayamba kale kuotcha mapazi.

Sitolo ya a Fanizo inali kuseri kwa amayi ogulitsa nsomba. Makope onse ogulidwa mmenemo ankanunkha mlamba wowamba, ndipo ana asukulu anazolowera.

"Mwacherwa tani, a Evelesi?" analonjera a Fanizo m'Chisena. "Mwabwera kudzagula kope? Mwaganiza zobwerera kusukulu?"

"Ndikabwerera ndikakupezani mukadali Sitandade 3 momwe ndinakusiyani muja. Tipatseni pepala la manila."

Priska anali atafika kale pashelefu ya makhadi osindikiza. Anasolola limodzi lonyezimira, la maluwa oyera, n'kuliika pakauntala mofulumira.

"Azakhali, tingogula ili. Ndi lokongola kuposa limene ndingapange ine. Mawu alembamo kale."

"Mawu ake akuti chiyani? A Fanizo, tiwerengereni. Chingerezi changa chinadyedwa ndi chiswe."

A Fanizo anavala magalasi, anatsegula khadilo, n'kutsokomola.

"Akuti, tikulira nanu pa imfa ya wokondedwa wanu."

"Mwamva?" anatero azakhali. "Munthu watichotsera maliro pakhomo, ife tikamupatse khadi la maliro. Bweza msanga chinthu chimenecho. Iwe wa Folomu 2 sunawerenge?"

Priska analibweza, nkhope ili pansi.

A Fanizo anatsitsa mulu wa mapepala a manila. Azakhali anakana lapamwamba chifukwa dzuwa la pawindo linali litalifwifwitsa, anakananso lapansi chifukwa mphemvu zinali zitalilawa m'mphepete. Anasolola lapakati, lachikasu ngati dzungu lakupsa, n'kuliyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Guluu."

A Fanizo anapereka kabotolo. Azakhali anakagwedeza pafupi ndi khutu. Munalibe chomveka.

"Uyu anauma chaka cha madzi osefukira. Wina."

"Kutentha kwa kuno, mayi, ine ndichite bwanji? Bwanji mukaphike phala la ufa wa chinangwa? Limamata bwino."

"Limamata bwino, inde, kenako nyerere zidye khadi lonse madamu asanamalize kuwerenga. Tengani botolo la pansi pakauntala limene mumasungira aphunzitsi."

A Fanizo anaseka n'kulitulutsa. Anatulutsanso envulopu yaikulu ya khaki, kabokosi ka machekeni ndi maka wakuda, cholembera chonenepa chija. Azakhali anayesa mamaka atatu pakatoni asanapeze wolemba bwino. Kenako anatuluka pakhomo kukaona ngati njinga ikadalipo.

Priska anaweramira pakauntala n'kunong'ona.

"A Fanizo, mungandilembere liwu limodzi papepalapa? Ndi dzanja lanu."

A Fanizo sankadziwa kunong'ona.

"Ine ndikulembere iwe? Iwe amene unandilembera chikwangwani chili panjacho, anthu mpaka kumandifunsa ngati ndinachigula ku Blantyre? Dzanja langa ndi la nkhuku yopalasa, mwanawe. Ukufuna kuononga pepala labwinoli?"

Azakhali anali ataima pakhomo. Anamva zonse. Analipira, anapinda pepala lija mozunguliza kuti lisathyoke, analimanga ndi ulusi, n'kunena kuti, "Tiye."

3. Pansi pa mtengo wa msawu

Atatuluka m'tauni azakhali anamenya Priska pamsana pang'ono.

"Ima apa."

Anatsika pansi pa mtengo wa msawu. Azakhali anakhala pamuzu n'kuika katundu pamiyendo.

"Dzulo unakana liwu. Lero wathamangira khadi la maliro, kenako wafuna kubwereka dzanja la a Fanizo. Ine ndilibe nthawi yofunsa kawiri. Nena."

Priska ananena. Sabata yoyamba Madamu Kambalame atafika pasukulupo, anagawa makope amene anachonga. Mnyamata wina polandira lake anati, "Takhuta, madamu." Madamu, posadziwa Chisena, anaganiza kuti ndi mwano. Anamufunsa kuti, "Wakhuta chiyani? Ukudya m'kalasi mwanga?" Kalasi yonse inagwa ndi phwete.

"Pamenepo palibe mlandu," anatero azakhali. "Pitiriza."

Tsiku lotsatira pakhoma la kalasi panapezeka pepala. Panali chithunzi cha madamu ali ndi chimimba ngati mgolo, choko chili m'manja, ndipo pansi pake panalembedwa zilembo zazikulu kuti MADAMU TAKHUTA. Madamu analichotsa okha osafunsa kuti wajambula ndani. Kuyambira tsiku limenelo, akapereka ntchito yokachitira kunyumba, kalasi yonse inkasisita mimba n'kuyankha pamodzi kuti, "Takhutaaa, madamu!" Ndipo tsopano panali mphekesera yoti madamu akufuna kuchoka.

"Anajambula ndani?"

"Ndine, azakhali."

"Ndiye ukalemba liwu lomwelo pakhadi, adziwa dzanja."

"Inde. Ndipo aganiza kuti ndikuwanyozanso."

Azakhali anathamangitsa ntchentche ndi envulopu. Kenako anayankhula.

"Tamvera, mwana wa mchimwene wanga. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ichi ndikuchidziwa. Liwu lili ngati chitsime cha pamudzi, si lako wekha. Agogo ako anamwa pamenepo, mayi ako amamwa pamenepo. Iwe unapita kukatayamo zinyalala kuti anzako aseke. Anaseka, chabwino. Lero mayi ako akufuna kutungamo kapu imodzi yokha kuti apatse munthu amene anawapulumutsa, ndipo madzi ake ndi onunkha.

"Ndipo mlendoyo analakwa chiyani? Kusadziwa Chisena? Iwe utapita ku Ntchisi ungakadziwe zonse za kumeneko? Ine nditapita ku Limbe koyamba ndinapempha madzi akumwa m'sitolo ina. Nditamwa ndinagwada bwinobwino n'kunena kuti takhuta. Anyamata a m'sitolomo anaseka mpaka kugwira makoma. Wina anati, 'Amayiwa akhuta madzi, apatseni mtsinje wonse.' Ndinalira m'sitima mpaka ku Chiromo. Papita zaka zoposa makumi anayi, koma nkhope zawo ndikuziona mpaka lero. Zimene anandichita anyamata aja ndi zimene wachita iwe, kungoti iwe unawonjezapo luso limene Mulungu anakupatsa.

"Tsopano sindikukakamiza. Ukafuna, ndilemba ine ndi dzanja langa lonjenjemerali. Madamu sadzadziwa, mayi akonso sadzadziwa, ine pakamwa panga ndi potseka. Koma ukasankha zimenezo usadzanene kuti unathokoza. Adzakhala atathokoza ndi mayi ako ndi ine. Iwe udzakhala unangonyamula envulopu."

Anatambasula dzanja, maka uja ali pachikhatho.

Panjira panadutsa ngolo ya ng'ombe yodzaza ndi matumba a thonje. Itapita, Priska anatenga maka uja n'kumuika m'thumba la siketi yake.

"Ndilemba ndekha."

"Pyadidi," anatero azakhali, kutanthauza kuti zili bwino. "Palasa, dzuwa likutipha."

4. Ntchito ya pamphasa

Atafika kunyumba, Priska anayamba wawauza mayi ake zonse asanamasule pepala. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto akuyamwitsa Elisha. Sanakalipe.

"Dzanja limene linaipitsa ndi lomwelo litsuke," anatero. "Yamba."

Priska anasesa mphasa, anasamba m'manja n'kupukuta bwino, chifukwa chala cha thukuta chimasiya chizindikiro pamanila. Anayeza pepala ndi rula kuti likwane mu envulopu, analidula ndi lumo la azakhali, n'kulipinda pakati. Popindapo anapasalaza ndi msana wa supuni.

"M'mphepete muikemo chiyani?" anafunsa.

Mayi anamasula chitenje chimene anamufunditsa Elisha tsiku lotuluka m'chipatala, chobiriwira cha timaluwa tofiira.

"Dula kumapetoku."

"Mama, n'chatsopano."

"Dula."

Priska anadula timizere tinayi topyapyala n'kutimata m'mbali mwa khadi. Azakhali anaima pamutu pake.

"Guluu pang'ono! Si phala limenelo. Ukachulutsa pepala likwinyika ngati nkhope yanga."

M'makona anajambula maluwa a nyika, aja amayandama padambo, ndi chekeni choyera ndi chobiriwira. M'kati munafunika dzina la wothokoza, koma mayi sankadziwa kulemba. Priska anawapaka maka pachala chamanthu ndipo anadinda. Kenako azakhali anagwira kaphazi ka Elisha, Priska anakapaka, n'kukadinda pambali pa chala cha mayi. Elisha analira ngati amuba.

"Lira, bambo," anatero azakhali akumupukuta. "Ukanakhala mtsikana tikanakutcha Otilia, koma unabwera ndi zako."

Panatsala kutsogolo. Priska analemba kaye ndi pensulo mopepuka, kenako anadutsamo ndi maka. Sanayese kusintha dzanja. T anali ndi denga lake lalitali, ndipo K anali ndi mchira wopindika, monga momwe ankalembera nthawi zonse. Atamaliza anaika khadilo pansi pa Baibulo la azakhali kuti liume lili lowongoka.

Mayi analiona litauma. Anayendetsa chala pa zilembo zisanu ndi ziwirizo ngati akuziwerenga.

"Ndi limeneli liwu langa?"

"Ndi limeneli, Mama."

"Ndi lokongola," anatero.

5. Pakhonde la madamu

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, azakhali anamuperekeza mpaka pachipata cha sukulu.

"Ine ndithera pano. Nkhuku ndinanyamula ndine, mapira ndinanyamula ndine. Ichi n'chako."

Nyumba za aphunzitsi zinali kuseri kwa bwalo la mpira. Madamu Kambalame anali pakhonde akuchonga makope, kansalu konyowa kali pakhosi chifukwa cha kutentha. Priska anagwada patali pang'ono.

"Odi, madamu."

"Priska. Ngati ndi mbuzi tsopano, ibwerere komweko."

"Si mbuzi, madamu. Ndi pepala lochokera kwa mayi." Anapereka envulopu ndi manja awiri, koma sanaisiye msanga. "Musanatsegule ndili ndi mawu. Chithunzi chija cha pakhoma ndinajambula ndine. Liwu limene lili m'katimu ndi lomwe lija. Mayi sankadziwa zimene ndinachita. Kwa iwo ndi liwu lalikulu kuposa onse othokozera, ndipo ine ndi amene ndinaliipitsa. Ndinalakwa, madamu. Pepani."

Madamu anatenga envulopu ija n'kuitsegula. Anayang'ana kutsogolo kwa khadi nthawi yaitali. Anatsegula m'kati, n'kuona chala ndi kaphazi.

"Aka ndi ka mwana uja?"

"Inde, madamu. Dzina lake ndi Elisha."

"Akuyamwa?"

"Sasiya."

Madamu anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi kansalu ka pakhosi kaja.

"Priska, ine ndimachonga kope lako tsiku lililonse. K wa mchira ngati wa buluziyu ndinamudziwa tsiku lomwelo ndisanachotse n'komwe pepala pakhoma."

Priska anadzutsa mutu.

"Ndiye kuchipatala kuja munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Nanga mayi ako ndi amene anajambula? Ndipo ngakhale akanakhala iwo, munthu akamafa sufunsa za zithunzi." Anaimika khadi lija pawindo, pamene aliyense wodutsa akanaliona. "Ukawauze kuti ichi sindibweza. Ukawauzenso kuti chiyambire ntchito yauphunzitsi sindinalandirepo chinthu chotere. Amayi a kumsika anandiphunzitsa kale tanthauzo la liwuli, koma kuchokera tsiku la chithunzi chija, lero ndi tsiku loyamba kulimva likunenedwa kwa ine popanda wina kusisita mimba."

Priska anangowomba m'manja mwaulemu katatu, monga amachitira mayi ake.

"Dzuka, khala pampandopo," anatero madamu. "Pali china choti udziwe."

Anasolola envulopu yoyera pansi pa makope n'kumuonetsa.

"Iyi ndi kalata yopempha kuti andisamutse. Ndinalemba Lachinayi. Ndimati ndiipereke kwa ahedi mawa tikamaweruka."

"Madamu, musapite. Masamu atiphunzitsa ndani? Chaka chatha chonse tinalibe mphunzitsi."

"Zimenezo mukanaziganiza musanayambe kuimba nyimbo yanu ya takhuta ija. Kutentha ndikhoza kupirira. Udzudzu ndikhoza kupirira. Koma kuima pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, iwo akundiseka, ine ndikuwaphunzitsa, zimenezo zandilemera."

Anaika kalata ija pamwamba pa makope, n'kuikapo mwala kuti isauluke.

"Wachita chinthu chovuta lero, ndipo ndakukhululukira ndi mtima wonse. Koma taona. Chithunzi unachipachika pagulu, kupepesa wabweretsa kuseri kwa bwalo la mpira, kumene kulibe wokuona. Ine sindiphunzitsa pakhonde pano. Mawa masamu ndi phunziro loyamba. Ndikalowa ndikupatsa choko kuti uime kutsogolo, uwauze anzako zimene wandiuza panozi, ndipo ine ndikakhala kumbuyo pabenchi yako. Anzako aja akakuseka, mwina ena akakuda. Kalatayi ikhala m'chikwama mpaka ndione mmene zithere."

Anatola cholembera chofiira n'kutsegula kope lotsatira.

"Pita, azakhali ako akupsa ndi dzuwa pachipatapo. Lero wachita bwino, mwana wanga. Chonde, mawa ukachite bwino kuposa apa."